Loko Wosaoneka pa Sikirini

Lolemba pa 9 Juni m'mawa, kompyuta yokonzera makanema aukwati pa situdiyo ina ya m'nyumba yosanja inakana kuyaka. Pofika masana a tsiku lomwelo, mmisiri amene anaimanga, a Kabatire, anali m'chitokosi pa mlandu wowononga katundu mwadala. Lachitatu m'mawa amayenera kukaonekera kukhothi.

Sajeni anaulandira mlanduwo Lachiwiri. Anali mayi wosakhalitsa pampando, ndipo zimene konsitabulo analemba anaziwerenga ali chiimire, chikwama chili kale paphewa. Panalibe chitseko chothyoledwa. Panalibe katundu wosowa. Panali kompyuta yosayaka, ndi mawu amene munthu analankhula atapsa mtima Lachisanu. Anapinda pepalalo n'kutuluka.

Situdiyoyo inali pamwamba, kumapeto kwa khonde lopapatiza, kupitirira chipinda cha telala. M'kati munali makamera awiri pashelefu, nyale za miyendo itatu zitatsamira khoma, ndi galasi lalikulu lokhala ndi kashelefu ka zodzoladzola za makasitomala odzajambulitsa. Pansi pa tebulo panali bokosi lakuda la kompyuta. Pamwamba pa sikirini panamatidwa kapepala kolembedwa ndi dzanja: IKAPEMPHA KUSINTHA CHILICHONSE, KANANI.

Madamu, mwini situdiyo, sanadikire funso.

"Watikhomera, palibe china. Lachisanu waima pomwe mwaimapo, wandiloza chala, akuti tsiku lina makinawa adzangoti zii ndipo mudzandifunafuna. Lolemba, zii. Inuyo mungati chiyani?"

"Munakangana chifukwa chiyani?"

"Ndinabwera ndi mmisiri wina kuti angoiona. Kuiona kokha. Basi a Kabatire atupa ngati ndabweretsa mwamuna kuchipinda kwawo. Kompyutayi ndi yanga kapena ndi mkazi wawo?"

"Akazi awo amagwira ntchito kuno, si choncho?"

"Asisi? Ndiwo a kamera yachiwiri. Iwowo ndilibe nawo chifukwa, ndi munthu wabwinobwino. Kulakwa kwawo n'koti ndiwo anandibweretsera bambo amenewa."

"Tayatsani ndione."

Madamu anadina batani ndi chala chakuphazi. Fani inalira. Pa sikirini panabwera kamzere koyera, kanayenda pang'ono n'kuima. Anadikira. Kamzereko sikanasunthenso.

"Ndi zimenezo kuyambira dzulo. Ndili ndi ukwati wa Loweruka woti ndikonze. Amayi a mkwatibwi akundiimbira ngati ndawabera mwana."

"Inazimitsidwa liti komaliza?"

"Loweruka m'mawa, tisanapite kuukwatiko. Pobwera tinangoponya katundu n'kutseka. Lamlungu sititsegula."

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine, bambo akunyumba poti ndiwo amatiyendetsa, Dulamata, ndi Asisi."

"Mmisiri alibe."

"Amafunanso kiyi anthu amenewa? Amalowera pa waya."

Sajeni anagwada n'kusuzumira kuseri kwa bokosilo. Anawerenga mawaya ndi chala: wa magetsi, wa sikirini, wa kiyibodi, wa masipika.

"Wa intaneti uli kuti?"

Madamu nawo anasuzumira kuseriko.

"Amaletsa," anatero. "Akuti ikangolawa intaneti idzadzisintha yokha n'kufa."

* * *

Dulamata anali mkonzi wa makanema, bambo wowonda wa mahedifoni m'khosi. Dzinalo linachokera ku ntchito yake. Mwendo wake sumaleka kugwedera pansi pa mpando.

"Ine, mamu, ndimadula n'kumata basi. Za m'kati mwa bokosi ndi ufiti wa a Kabatire."

"Dzulo munayesa chiyani?"

"Ndinayesa kulowa mu bayosi. Ikangoyaka umadina batani msangamsanga, pamabwera sikirini yabuluu. Ndinagunda pasiwedi. Ndinayesa 1234, ndinayesa dzina la situdiyo, ndinayesa chaka chobadwa cha Madamu. Chenicheni, osati chimene amauza anthu."

"Ndikukumva iwe," anatero Madamu ali kugalasi.

"Pasiwediyo ndi yatsopano?" anafunsa Sajeni.

"Ayi, ndi yakalekale. Anaiika tsiku lomwe anamanga makinawa, akuti zala zanga zimayabwa."

"Ndiye kuti sanakukhomereni Lachisanu."

Dulamata anakweza mapewa.

"Loweruka masana munali kuti?"

"Kuholo, pa zokuzira mawu. Ndinangotulukako pang'ono kukasaka mabatire a maikolofoni."

"Pang'ono kwake?"

"Mukuwadziwa masitolo Loweruka, mamu. Apa atseka, apa alibe."

"Nanga Madamu?"

Anatsitsa mawu. "Kamera yoyamba. Koma achibale akayamba zolankhula zawo zija, kamera yoyamba timaisiya pa miyendo yake, imajambula yokha. Munthu ukhoza kupita kukameta n'kubwera, amalume akadali pa mfundo yoyamba."

Bambo akunyumba a Madamu, Sajeni anawapeza pansi pa masitepe akupukuta galimoto. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo ochepawo amawatulutsa akuyang'ana chiguduli.

"Ndimayendayenda. Keke, azakhali a mkwati, mipando yowonjezera."

"Munafikako kuno?"

"Kudutsa, mwina."

"Kudutsa kapena kukwera?"

"Ine za makompyuta sindizidziwa, bwana. Ndimadziwa giya."

* * *

A Telala anali nkhalamba ya tepi m'khosi ndi mapini mkamwa. Anatulutsa mapiniwo limodzilimodzi asanayankhe.

"Nkhope sindisunga, mayi. Ndimasunga msoko. Loweruka masana ndagwada apa, ndikupinda diresi ya munthu, chitseko chachitsulo cha situdiyo chinalira. Chimalira ngati mbuzi chimenecho. Ndawauza kangati kuti achidzoze mafuta."

"Nthawi yanji?"

"Magetsi atangobwera. Anazima m'mawa dera lonse lino, anabwera chakuma 2. Ndikudziwa chifukwa simbi yanga inayamba kununkha."

"Munaona ndani?"

"Thalauza lakuda, shati yakuda, chipewa chakuda. Yunifolomu ya situdiyo. Ndinasoka ndine, zinayi, pansalu imodzi. Wanyamula katoni yafulati, ngati ya keke."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Madamu anafuna zikhale zotaya kuti munthu azigwada bwino ndi kamera. Ndinawauza kuti zidzaoneka ngati matumba. Kumbuyo onse anayi ndi thumba limodzi."

"Anatuluka liti?"

"Diresi ndinamaliza, ndinayamba jekete, ndinafika pakolala. Ola ndi theka, mwina kupitirira. Katoni yomweyo m'manja."

"Konsitabulo munamuuza zimenezi?"

"Anandifunsa ngati ndinaona a Kabatire. Sindinawaone. A Kabatire mwendo wina ndi waufupi, thalauza lawo ndimalidula mbali imodzi. Uyu amayenda mowongoka." Anabwezera pini mkamwa n'kuyang'ana siketi ya Sajeni. "Zipi yanuyo ikufa. Mudzabwere."

Sajeni anaima pakhonde kamphindi. Munthu analowa ndi katoni, anatuluka ndi katoni, ndipo palibe chimene chinasowa. Anatsika masitepe awiriawiri.

* * *

Pabenchi la kupolisi panakhala mayi wa juzi yopindidwa pamiyendo ndi kabotolo ka mankhwala m'manja. Zikhadabo zake zinali zofiira, utoto utayamba kusupuka kunsonga.

"Ndinu Asisi a kusitudiyo?"

"Eya. Ndabweretsa juzi ndi mapilitsi awo a magazi. Akuti ndidikire."

"Loweruka masana munali kuti?"

"Pa kamera."

"Nthawi yonse?"

"Kamera yachiwiri sikhala pansi."

"Pasiwedi ya kompyuta ija mumaidziwa?"

Anasalaza juzi ija ndi chikhatho. "Za makina ndi za iwowo."

A Kabatire anawabweretsa m'chipinda chofunsira mafunso akukoka mwendo. Anali bambo wa imvi zoyambirira, wa zala zokhala ndi zipsera za chowotcherera mawaya. Dzinalo anawapatsa makasitomala, chifukwa chilichonse chimene ungawabweretsere amayamba n'kufunsa ngati kabatire ka m'kati kali moyo.

"Ndifotokozereni ngati mukufotokozera agogo anu," anatero Sajeni. "Ikuimiranji panjira?"

"Kompyuta ija, bwana, kunena zoona ndi yonamizira. Mapulogalamu amene Madamu amafuna amayenda pa sisitimu ya makina odula kwambiri. Eni sisitimuyo anaipanga kuti iziyenda pa makina awo okha. Ine ndinatenga zipangizo wamba n'kuziphunzitsa kunama. Pa bolodi, chija chachikulu chimene zonse zimalumikizidwapo, pali kapulogalamu kamene kamadzuka koyamba. Ndiye bayosi. Ndi mlonda wa pageti. Akaona mlendo wosamudziwa amamubweza. Ndiye umakhala naye pansi mlondayo n'kumunyengerera. Usafunse chiphaso. Usathamange poyatsa. Khomo lakale ili tseka, ili tsegula. Disiki uzilankhula nayo mwakutimwakuti. Ukaphonya chimodzi, kamzere kamaima."

"Zonsezo zimakhala pa disiki?"

"Ayi. Pa bolodi penipenipo. Kabatire kakang'ono ndi kamene kamazisunga." Anamwetulira koyamba. "Mwina ndi kabatire basi. Ndinamuuza konsitabulo, anaseka."

"Mawu a Lachisanu munanena?"

"Ndinanena. Ndimatanthauza kuti mmisiri wawoyo akadina zosadziwa, makina afa. Pakamwa panga m'potentha, koma chinthu chimene ndamanga ndekha sindingachiphe."

"Loweruka masana?"

"Kushopu kwanga, ndekha, chitseko chotseka."

"Pasiwedi amaidziwa ndani?"

"Ine."

"Winanso?"

"Ine."

Yankho lachiwirilo linabwera msanga kuposa loyamba. Sajeni anaimirira, anasainira envelopu ya zinthu zimene anawapeza nazo m'thumba, n'kuuza konsitabulo kuti atenge unyolo.

* * *

Onse analipo. Madamu anapinda manja pafupi ndi galasi. Dulamata anakhala pazenera. Bambo akunyumba anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a galimoto. Asisi, amene anawatsatira wapansi, anaima kumbuyo kwawo, juzi ikadali m'manja.

"Akaiwonongeratu, mlandu ndi wanu," anatero Madamu.

"Ndamva," anatero Sajeni.

A Kabatire anakhala pampando, manja ali mu unyolo. Anayatsa, anadina batani, sikirini yabuluu inabwera ndi kabokosi kofunsa pasiwedi. Anaphimba kiyibodi ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kulemba pansi pake. Analemba mofatsa, ngati munthu wosisita mutu wa mwana. Kabokosiko kanachoka. Tsamba loyamba linatseguka.

Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Makiyi a galimoto analeka kulira.

"Iyi si yanga," anatero.

"Mukutanthauza chiyani?"

"Onani apa. Purosesa imene ndinaikamo, ubongo wa makinawa, si iyi. Iyi ndi mng'ono wake. Memori ndi theka." Anatembenuka. "Ndipatseni sikuludiraiva."

Konsitabulo anayang'ana Sajeni. Sajeni anagwedeza mutu. Chivundikiro cha m'mbali chitachoka, a Kabatire anawunikamo ndi tochi ya foni ya Dulamata.

"Bokosi ndi lomwelo. Disiki ndi yomweyo. Bolodi ndi la mtundu womwewo, koma lotopa, taonani apa pada ndi kutentha. Khadi la zithunzi ndi lotchipa. Wina wazula mtima wonse n'kuikamo wina."

"Katoni yafulati," anatero Sajeni chapansipansi. Anagwada pambali pawo. Pa sikuluwu iliyonse yogwira bolodi panali kadontho kofiira. "Timadontho iti?"

"Ndi chizolowezi changa. Ndikamanga makina ndimadontheza utoto wa zikhadabo pa sikuluwu iliyonse, kuti wina akapotokola uthetheke, ine ndidziwe."

Timadonthoto tinali tosathetheka, tonyezimira, topanda fumbi. Koma pansi pa bokosilo, m'fumbi, munali tizibenthu tofiira touma. Sajeni anatola kamodzi ndi nsonga ya cholembera. Munthuyo anathyola timadontho takale, anamanga bolodi lina, n'kudonthezanso tatsopano. Mtundu wake unali womwewo wa zikhadabo zimene anaziona pabenchi kupolisi. A Kabatire nawo anauona. Sanacheuke.

Sajeni anapita pagalasi. Pakashelefu ka zodzoladzola panali kabotolo ka utoto womwewo, katafika theka.

"Aka n'ka ndani?"

"Ka situdiyo," anatero Madamu. "Aliyense amatapa."

A Kabatire anali atabwerera pa sikirini. Amatsegula tsamba ndi tsamba, milomo ikuyenda.

"Chofunsa chiphaso, chozimitsa. Kuyatsa mothamanga, kozimitsa. Khomo lakale, lotseka. Disiki, momwemo. Ngakhale liwiro la fani ndi langa, limene ndimaika kuti isamamveke m'maikolofoni." Anapumira m'mwamba. "Wakopera zonse. Watsegula bolodi langa kaye, waona tsamba lililonse, n'kudzalemba muno chimodzichimodzi. Amafuna kuti Lolemba iyake, mugwire ntchito, muzingodandaula kuti yakalamba."

"Nanga yalekeranji kuyaka?"

"Chifukwa wakopera zimene maso amaona. Pali loko mmodzi amene sali pa masamba awa. Opanga bolodi anamubisa. Sisitimu ija ikafuna kulankhula ndi purosesa imagunda pa loko ameneyo n'kuima. Amatsegulidwa ndi fulashi, polemba manambala pa sikirini yakuda. Zinanditengera milungu kuti ndimupeze, ndipo sindinaonetsepo munthu. Fulashiyo ili mu envelopu yanuyo."

Sajeni anang'amba envelopu. Fulashi inali yomangidwa pa lamba wa makiyi a shopu. A Kabatire anaibaya, anayatsanso, analemba mizere iwiri pa sikirini yakuda, anaizula, anayatsanso kachitatu.

Kamzere koyera kanayenda, kanafika pamene kamaima paja, kanazengereza, n'kupitirira. Sikirini inawala ndi chithunzi cha akwati a mwezi watha. Dulamata anaimba mluzu.

Madamu anakhala pansi pa bokosi la nyale. "Ndiye makina anga ali kuti?"

"Ali kwa munthu amene akufuna situdiyo yakeyake," anatero a Kabatire. "Zipangizo zokha akanatha kugula. Bolodi lophunzitsidwa kale ndi limene silipezeka m'sitolo."

Madamu anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Dikirani. Bolodi si lawo, atero okha. Koma pasiwedi yawo yatsegula. Nonse mwaona."

Onse anatembenukira kwa a Kabatire.

* * *

Sajeni anatengera a Kabatire pamasitepe, pakati, pomwe mawu samveka kumwamba kapena pansi. Konsitabulo anamusiya pakhomo.

"Mukanakhala inu, loko wobisikayo simukanamuiwala. Ine ndikuona zimenezo. Woweruza mawa sadzaona. Adzaona kuti munaopseza Lachisanu, kuti Loweruka mulibe mboni, ndi kuti wakubayo anali ndi pasiwedi imene mwalumbira kawiri kuti mumaidziwa nokha. Adzati munatuma munthu. Mlandu sulinso wowononga katundu. Ndi wakuba."

A Kabatire anayang'ana khoma.

"Ndi tsiku lobadwa? Nambala ya foni? Chinthu choti munthu angalote?"

"Palibe angalote."

"Munailemba penapake?"

"Sizilembedwa."

"Dulamata anakuonanipo mukuilemba?"

"Mwaona mmene ndimalembera."

Galimoto inadutsa pansi, kenaka ina. Sajeni anayang'ana wotchi, anatsamira khoma, anawongokanso.

"Bambo, ndili ndi masana ano okha."

A Kabatire anakhala pasitepe, mwendo waufupi atautambasula.

"Ndi dzina," anatero. "Tinali ndi mwana. Sanathe sabata. Dzina tinali titasankha tili awiri, tisanauze munthu. Atapita, achibale anati wapita wopanda dzina, ife sitinawatsutse. Palibe amene anaitanidwapo nalo. Ine ndimaliika pa makina aliwonse amene ndamanga, kuti zala zisaliiwale."

"Akazi anu amadziwa kuti ndiyo pasiwedi?"

"Kale amandigwirira tochi."

"Ndiye amene amalidziwa ndinu awiri."

"Lembani kuti ndine, bwana. Ndinatuma munthu. Nkhope yake sindikuikumbukira."

"Munatuma munthu n'kuiwala kumuuza za loko amene munamusaka milungu?"

"Ndakalamba."

"Simunakalambe. Dzukani."

* * *

Atabwerera, Sajeni anapita molunjika pashelefu.

"Khadi la kamera yachiwiri, la Loweruka."

Asisi analitulutsa okha m'kamera n'kulipereka. Dulamata analibaya. Makina osinthidwawo anachedwa kutsegula, fani ikulira ngati ikukwera phiri.

"Pitani chakuma 2," anatero Sajeni.

Holo inaoneka yamdimamdima, kuwala kukulowera m'mazenera okha. Kamera imayenda pakati pa matebulo, ikugwedera pang'ono ndi mapazi a woinyamula. Mwadzidzidzi nyale zonse za kudenga zinayaka. Anthu anakuwa ndi kuwomba m'manja, ndipo pafupi penipeni ndi maikolofoni ya kamera panamveka kuseka kwa mayi, ndi mawu akuti, "Akwati, yang'anani kuno, magetsi abwerera inu."

"Mawu a ndani?"

"A Asisi," anatero Madamu.

"Holoyo ili kutali bwanji?"

"Mbali ina ya msika. Ikazima kuno, imazimanso kumeneko."

"Pitirizani. Osadumpha, ingothamangitsani."

Anthu a m'kanema anayamba kuyenda ngati nyerere. Sajeni anayang'anitsitsa manambala a nthawi pakona ya sikirini. Kanema wina akatha, wotsatira amayambira pomwepo. Kamera sinaikidwe pansi. Pena dzanja la zikhadabo zofiira limalowa m'chithunzi kukonza nsalu ya kumutu kwa mkwatibwi. Pena kamera imadutsa pagalasi la kukhoma, n'kuonetsa mayi wovala zakuda, nkhope yake yonse ili poyera. Wotchi ya m'holo inadutsa 3, inadutsa 4.

"Imitsani," anatero Sajeni.

A Kabatire anatulutsa mpweya umene anaugwira kuyambira pamasitepe. Mapewa awo anagwa. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu, n'kupukuta maso ndi manja onse awiri chifukwa cha unyolo.

"Mwaona, bwana. Sanachoke. Sanachoke n'komwe."

"Sanachoke," anavomera Sajeni. Anakodola konsitabulo kuti amasule unyolo. "Ndipo wa katoni uja amayenda mowongoka, komanso samadziwa za loko. Mawa simupita kukhothi."

Unyolo unamasuka. A Kabatire sanaumve. Kuseka kunali kutachoka pankhope pawo, ndipo amayang'ana kiyibodi, pamalo pomwe zala zawo zinadutsa. Kenaka anatembenuza mpando pang'onopang'ono mpaka anayang'anizana ndi akazi awo.

"Mayi," anatero, mawu ali pansi. "Munauza ndani?"

Asisi anafinya juzi ija pachifuwa.

"Sindikufunsa za makina. Makina apite. Dzina lija munauza ndani?"

Asisi sanayang'ane Madamu, sanayang'ane pazenera pomwe panali Dulamata, sanayang'ane pakhomo. Anayang'ana pansi, pakati penipeni pa chipinda, ngati munthu amene akusamala kuti maso ake asapite kulikonse.

Sajeni anakoka mpando wina n'kukhala, koyamba tsiku limenelo. Anauza Dulamata kuti abwezere kanemayo pamene magetsi anabwerera, ndipo ulendo uno asathamangitse.

Kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, kamera yachiwiri inazungulira holo yonse mobwerezabwereza. Inajambula tebulo la zokuzira mawu, kamera yoyamba itaima pa miyendo yake, ndi khomo loyang'ana koimika magalimoto. Mwa anthu atatu otsala amene anavala zakuda tsiku limenelo, Madamu, Dulamata ndi bambo akunyumba, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonekamo.